Andichotsa pa Laini ya Ukwati

A sisi okondedwa,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Kuno ku Kitwe tili bwino, ndipo mwendo wa atate wasiya kutupa.

Koma imvani izi! Andichotsa pa laini ya ovina pa ukwati wa Tisa, mwana wa anti. Loweruka tinali pa pulakatisi kwawo ku Masala. Paja a kuchimuna ndi a chipani chopambana chija, ife ndi a cholephera, ndiye ankangosekana bwinobwino. Kenako anti anati, "Iwe Mwayi, auze anthuwa mbali yako." Ine osaganiza ndinati ndinavotera mayi uja wa kachipani kakang'ono, wokamba za ntchito za achinyamata.

Awe mwandi, nyimbo inazimitsidwa! Anti akuti tinaluza chifukwa cha anthu ngati ine. Amalume a mkwati akuti ndinataya voti m'ngalande. Anthu amene akhala akukangana ngakhale za keke, pa ine anagwirizana msangamsanga. Chikundidabwitsa n'chakuti wovotera mdani amangomuseka, koma wovotera wachitatu amamukwiyira. N'chifukwa chiyani? Kumene muliko zimachitikanso?

Tisa analira, koma sangatsutse amayi ake. Diresi langa lili kwa telala ku Chisokone, ndipo Lachisanu adzalichepetsa kuti avale mwana wa aneba. Chonde aimbireni anti lisanadulidwe, paja inu amakumverani. Musawauze kuti ndalapa, chifukwa sindinalape. Ingowakumbutsani kuti pa laini yonse, wodziwa masitepe ndine ndekha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Mwayi