Malume akukana kuvula kazako wa ku Budapeste

Aphungu,

Kodi ndani anakhazikitsa zoti mphatso ukapatsa malume ako siilandidwanso? Kuno aliyense amangovomera ngati zinalembedwa m'Baibulo. Ine ndiye ndatopa nazo.

Ndine mnyamata wosakwatira. Boma linanditumiza ku Bulgariya kukaphunzira zaulimi, ndipo chaka chatha ndinabwerako n'kuyamba ntchito kwathu konkuno ku Tsangano. Ndinabwera mutu uli wodzaza: mbewu yatsopano ya kachewere, nkhokwe zosawoletsa, ngalande zothirira madimba. Chimene ndinapeza ndi nkhondo. Alimi akulima maso ali kuphiri kuopa anthu a m'tchire olimbana ndi boma, ndipo shefi, bwana wanga wa kuntchito, ndikamupatsa ganizo lililonse yankho ndi limodzi: "Kamarada, pasiyensiya," kutanthauza kuti mnzanga, leza mtima.

Ku Ulaya sukulu ikatsekedwa tinkangokwera komboyo, sitima yapamtunda, osapempha munthu. Ndinasambira m'nyanja ku Varna, madzi amchere oluma m'maso. Ku Praga ndinaima pamlatho mpaka zala kuuma. Koma mtima wanga unatsala ku Budapeste, kumene nkhalamba zimaviika matupi m'madzi otentha otumphuka pansi, nthunzi ili tolotolo, kunja kukuzizira koopsa, izo zikukankha tizidole pathabwa ngati zikusewera bawo. Kumeneko ndi kumene ndinagula kazako, chijasi chotuwa chofika m'mawondo, cha mabatani achitsulo onyezimira. Lero ine yemweyo, kuti ndingofika ku Ntengo-Wambalame, pafupi pomwepa, ndiyenera kupempha giya, kalata yaulendo yosainidwa, kenako kudikira koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali.

Nditangofika, abale anasonkhana kuti ndimasule chikwama. Malume anga, a Policarpo, amene anandilera bambo atamwalira, anangoti gwi kazako uja. Ndinawapatsa. Ndinawapatsanso nkhani zanga zonse, poti ndi okhawo amene ankandimvera osayasamula.

Tsopano tsiku la msika amavala kazakoyo, kaya kuzizire kaya kutenthe, n'kukhala pathumba la kachewere kumasimba maulendo anga ngati anayenda ndi iwo. Ndinawamva ndekha: "Ife ku Budapeste tinkasamba madzi odziphika okha. Inu mudziwa chiyani, anthu osamba m'zithaphwi?" Anthu kufa nako kuseka, n'kuwapatsa dzina loti Komandante. Iwo amavomera, mpaka kuimika dzanja pachipumi.

Sabata yatha akazi awo, a Joaquina, anandipeza kuntchito. Akuti amuna awiri achilendo anafunsa amayi ogulitsa nyemba kuti: "Komandante uja anaphunzira kwa azungu amagona nyumba iti?" Aphungu, mukudziwa zimene anthu a m'tchire amachita ndi munthu amene amuganizira kuti ndi wa boma. Malumewo ngakhale kogwira mfuti sakudziwa.

Ndinathamangira kwa malumewo kukawapempha kuti andibwezere kazakoyo. Anandimvetsera akupukuta mabatani aja ndi chala, kenako anati: "Iwe mwana wa mlongo wanga, unandiveka pamaso pa anthu, lero ufuna undivule pamaso pa anthu? Tandiuza, ku Budapeste amatero?" Mayi anga nawonso akuti ndikalanda ndiye kuti ndawatukwana malumewo.

Ndatopa, Aphungu. Mbewu yanga akuikana, mawu anga akuwakana, chimene chayenda bwino pa zonse ndinabwera nazo ndi chijasi chimene chiphetse munthu.

Dzulo ndinapitanso iwo ali kudimba. Ndinapeza kazako atamuyanika pachingwe. Ndinamuchotsa kuti ndikamuponye m'chimbudzi. M'khosi mwake munkamvekabe fungo la fodya wa m'komboyo. Ndinaima naye kanthawi, kenako ndinamubwezera pachingwe n'kubwerera kuntchito.

N.L., Tsangano

Iwe N.L.,

Za lamulo la mphatso tidzatsutsana nkhondo ikatha. Pano pali moyo wa munthu, ndipo nthawi yokhalira kununkhiza nsalu ulibe.

Unachita bwino kusaponya kazakoyo. Ukanaponya, malume ako akanakwiya, osakumveranso, ndipo dzina la Komandante likanatsala pomwepo. Anthu aja sakufunafuna chijasi, akufunsa nyumba.

Choncho yamba ndi pogona. Malume ako ndi a Joaquina achoke panyumbapo msanga, akakhale kwa abale chakumalire kufikira nkhaniyi itazirala. Kachewere wawo a pabanja angathe kukumba. Usapite wekha kukanena. Tenga mayi ako, a Joaquina abwereze pamaso pawo mawu enieni amene alendowo anafunsa, osachotsapo kalikonse. Mayi ako akuona mwano chifukwa iwe ukulankhula za kulanda. Akamva kuti mlongo wawo akufunsidwa pogona, adzamanga okha katundu, ndipo mwamuna amene wakana mwana wa sukulu savuta kwa mlongo wake.

Kazako ndi wawo, uwauze zimenezo momveka. Chimene ukupempha ndi chakuti apite kwa telala. Achotse mabatani achitsulowo, amufupikitse, amuviike mu utoto wakuda, aoneke ngati jekete la mkulu wa mpingo. Akafuna kudandaula, alekeni adandaule ali moyo.

Ndipo usawanyoze malume akowo. Munthu wakalamba akukumba kachewere, kenako mwana amene analera wamubweretsera dziko lonse m'chikwama. Ukanafuna asanyade? Nkhanizo unawadyetsa ndiwe, chifukwa nawenso unkasowa wokumvera. Sindikukudzudzula. Kutopa kwako ndakumva, ndipo n'zoona kuti n'zowawa kudziwa zambiri pamalo pamene anthu akungofuna kufika mawa. Koma mbewu yakoyo siifuna chilolezo cha shefi kuti imere. Pempha kachigawo padimba la mayi ako, udzale mwakachetechete, anthu adzafunsa okha akaona zokolola. Za Varna ndi Praga uzisunge mumtima pakadali pano, udzasimbira ana ako.

Chomaliza, chenjera. Amene anaphunzira kwa azungu si a Policarpo. Akachoka iwo, funso lija silifa, lingosowa mwini, ndipo msika wonse ukudziwa amene anawaveka. Ukamakonza ulendo wa malume ako, dziwiratu kumene iweyo uzigona.

Aphungu