Manja Anga pa Chifuwa cha Amayi

Okondedwa asisi a Patience,

Lero kwacha ndi nkhungu, kukuzizira kwambiri. Ndikulemba ndili pakhonde, ndikumva atambala a kwa amalume ndi njinga zamoto zopita kumalire. Muli bwanji ku Lusaka, nanga maphunziro a unamwinowo akuyenda? Ine thupi lili bwino. Amayi ndiwo ayi.

Ndalemba kalata chifukwa foni ili ndi amayi aang'ono a Clementina, ndipo nkhaniyi sindingainene iwo ali pomwepo.

Sabata latha kusukulu kunabwera mayi wina ndi chidole chachikulu cha labala, chopanda miyendo. Anati akuyenda m'masukulu ndi m'makiliniki a ku Katete, Sinda ndi kuno ku Vubwi, kufunsa ophunzira ndi anamwino zomwe angachite munthu akagwa n'kusiya kupuma. Mnzanga wa m'kalasi Stanford anati n'kumuthira madzi ozizira. Wina anati n'kumununkhitsa anyezi, wina kuti n'kuthamangira abusa. Tonse tinaseka, koma panalibe amene anali ndi yankho lina.

Mayiyo anagwada, naika manja pakati pa chifuwa cha chidolecho, n'kuyamba kukanikiza mwamphamvu osalekeza. Anati ukangodikira ngolo, kuchipatala umafika ndi mtembo. Atafunsa wofuna kuyeserera, ine sindinakweze dzanja, mukundidziwa, koma ndinaona zonse.

Dzulo tikukumba nsawa, amayi anati akumva chizungulire, kenaka anagwa chafufumimba pamzere. Amayi aang'ono anayamba kubuma ngati maliro, uku akuwathira madzi a m'chigubu. Ine ndinawatembenuza, n'kuika khutu pakamwa pawo monga anationetsera. Mpweya sindinkaumva bwino. Nditatambasula manja kuti ndiwaike pachifuwa, amayi aang'ono anandikankha mpaka ndinagwera uko. Anandifunsa ngati ndapenga, mnyamata woti wayamba kumera ndevu kugwira amake pamabere anthu akuona. Anati zimenezo ndizikachitira zidole za kusukulu.

Mwamwayi amayi anatsokomola n'kutsegula maso. Koma asisi, akanakhala kuti asiya kupuma? Ndikanangoima pamenepo n'kumawayang'ana.

Amalume a Osward anawatengera kukiliniki pangolo. Ine ndinawaperekeza, n'kubwerako ndekha madzulo. Kumeneko akuti magazi akuthamanga, mtima sukugunda bwino, ndipo zikhoza kuchitikanso. Sindikudziwa kuti anamwino amene akuwasamalirawo anamuyankha bwanji mayi wachidole uja. Ndinafuna kufunsa koma ndinachita manyazi.

Chonde, muwaimbire amayi aang'ono. Inu amakumverani, paja amati ndinu adokotala a pakhomo pano. Muwauze kuti andilole. Akakana, aphunzire iwowo, ndiwaonetsa pathumba la chimanga. Muyankhulenso ndi amayi eni ake, chifukwa ine sindingayambe nawo nkhani yotereyi. Mundiuzenso ngati ndiyenera kupitiriza nthiti ikathyoka, poti amayi aonda kwambiri. Ndikakhala m'kalasi ndani azikhala nawo pafupi?

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani nzeru pa mayeso anu. Mupereke moni kwa a Ezekieli ndi onse a m'nyumba imene mukukhalayo.

Ngolo yangofika kumene. Abwera amalume, ndi amayi aang'ono atanyamula chitenje cha amayi kuti achape. Amayi atsala kukiliniki.

Ndine mlongo wanu,
Pemphero