Nsomba za Bambo pa Khonde

Winnipeg, Januwale

Okondedwa Achimwene a Cornelius,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumudziko pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija linapola, kapena mukulikokabe poopa jakisoni wa anamwino? Ife kuno Mulungu akutisunga.

Ndasankha kulemba chifukwa ndikaimba foni, Bambo amakhala pomwepo makutu ali tcheru. Amati samva bwino, koma nkhani ikakhala yawo amamva ndi manong'onong'o omwe.

Kuzizira kwa chaka chino ndiye kwanyanya. Kwathu kumpoto kwa dziko lino kumazizira inde, koma kuli mitengo yotchinga. Kuno mphepo imachokera m'minda ya tirigu mopanda ndi chulu chomwe, n'kudzakupeza podikirira basi. Galimoto ndikaiwala kuilumikiza ku magetsi otenthetsa injini madzulo, m'mawa imakana kulira. Ntchito yanga kosamalira okalamba ikuyenda, kungoti abwana ayamba kundiyang'ana cham'mbali chifukwa chopemphapempha nthawi yoperekeza Bambo kuchipatala.

Bambo akupitabe kumakina osefa magazi katatu pa sabata. Madokotala akuti impso zija sizidzagwiranso ntchito. Akabwerako amangokhala pazenera kuyang'ana magalimoto. Mchere tinawaletsa, madzi akumwa timachita kuwayezera. Munthu woti wakulira panyanja, lero akumwera m'kakapu ka mwana. Zimandimvetsa chisoni, Achimwene.

Nsomba munatumiza pa ndege zija zinafika, zikomo, koma zinatiputira mlandu. Ine ndili kuntchito, Bambo anathyola nthambi za mtengo wa pabwalo, n'kukoleza moto m'chidebe pakhonde lathu la m'mwambali kuti aziwambe. Anafunditsa chidebecho ndi bulangete monga amachitira kwathu. Utsi unadzaza m'nyumba, belu lochenjeza za moto linalira, anthu a m'nyumba yonse yosanjikizanayi anathawira panja m'chisanu chimenechi, ena atavala masilipasi. Ozimitsa moto atakwera, akuti Bambo anakana kutsika, ati nsomba zinali zisanakwane, adikire pang'ono alaweko.

Mwini nyumba watichenjeza kuti zikadzachitikanso tisamuke, ndipo nyumba yapafupi ndi chipatala kuipeza kwake n'kovuta. Amene anatipepuza ndi Agogo a Stefania a khomo linalo. Anabwera ndi mbale ya tizitumbuwa tawo ta mbatata n'kupempha nsomba imodzi. Anati fungo limenelo analimva komaliza kufamu kwa bambo awo, ndipo odandaulawo ndi nsanje chabe. Bambo anaseka tsiku limenelo.

Koma kuseka kwake kunathera pomwepo. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi anandiuza m'galimoto, osandiyang'ana n'komwe, kuti: “Verna mwanawe, kuno sindikudwala, sindikuchira. Akungondichapa ngati malaya n'kundiyanika. Nyanja ikaundana, msewu wa magalimoto wodutsa pamwamba pake ukatseguka, Cornelius adzanditenge.”

Ndinawakumbutsa kuti kwathu kulibe makinawo, komanso kuti adokotala ananena poyera kuti akasiya, satha milungu yambiri. Anati iwo si mwana, anamva bwinobwino. Akufuna akafike ndi miyendo yawo, aone nyanja, adzagone pafupi ndi manda a Amayi, osati kudzatsitsidwa m'ndege m'bokosi pamodzi ndi makatoni a m'sitolo. Ndinaimika galimoto pambali n'kulira.

Ndikudziwa kuti anakuimbirani ndipo munawayankha kuti tiona. Achimwene, tiona wanuyo ndimamudziwa kuyambira tili ana, ndi wothawira nkhani. Koma Bambo amutenga ngati inde. Nsapato zawo zachikopa aziika kale pakhomo, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati madzi a panyanja alimba.

Pempho langa ndi limodzi. Msewu ukatseguka mubwere inuyo, musatume munthu, ndipo musawayankhire pa foni. Mudzawaperekeze kumakinako tsiku limodzi, mudzaone ndi maso anu, kenako tidzakhale pansi atatu. Mutu umodzi susenza denga, ine ndasenza ndekha kokwanira.

Sindikubisirani, ine ndikufuna akhale. Mukadzawagonjetsa ndidzakuthokozani moyo wanga wonse. Koma Bambo timawadziwa tonse. Akadzakugonjetsani inuyo, musadzanyamuke nawo mobisa ine ndili kuntchito poopa misozi yanga. Mudzandisiyire malo kumpando wakumbuyo, kuti akatopa panjira adzatsamire ine.

Mundiperekere moni kwa alamu a Myrtle, kwa Azakhali a Flora, kwa Amalume ndi ana onse. Azakhali musawauze kaye zimenezi, mtima wawo mukuudziwa.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,
Verna