Chipepeso cha Tiyamike

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno ku Wheaton, kutsidya kwa nyanja, tikulimbako chimwalirireni bambo a Tiyamike.

Lachiwiri loya wa malemuwo anandiimbira ndili kuntchito. "Mayi, chipepeso cha kutchalitchi musachiike m'dzina la mwanayo." Chonsecho tinali titapangana ndi akutchalitchi kuti titero mawa lake. Kunotu wolumala ngati Tiyamike akakhala ndi ndalama zambiri m'dzina lake, boma limaleka kumulipirira chipatala ndi omusamalira.

"Musaope," anatero. "Amuna anu anasiya thirasiti, thumba limene ena amamusungira Tiyamike. Chipepesocho chilowe mmenemo, boma siliwerengera za m'thumbamo."

Paja malemuwo ndinawakalipira kuti kulemberatu zamasiye n'kuitana imfa. Kani anapita okha kukasaina!

Mukawauze apongozi kuti mdzukulu wawo sadzasowa womusamalira, ngakhale ine nditatsikira kuli chete. Mulungu akusungeni. Kuno tatsala awiri, koma Tiyamike ngotetezedwa.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati