Mbalame ija ndi tsekwe

Okondedwa achimwene a Volkmar,

Ndikhulupirira kuti ku Canadako kuzizira sikunakumalizeni. Kuno tili bwino, ndipo khalani pansi mumve: abambo apambana.

Mukukumbuka mmene ankawasekera kumowa akamati mbalame ya pa chizindikiro cha tauni yathu si chiwombankhanga koma tsekwe? Sabata yatha amisiri okonza nsanja ya tchalitchi anatsitsa chimpira chamkuwa cha pamwamba chija, momwe makolo ankatsekeramo makalata. Atachitsegula pamaso pa meya, munapezeka chidindo chakale cha tauni. Mapazi a mbalame ya pa chidindocho ngopalasira m'madzi, achimwene, alibe chikhadabo n'chimodzi chomwe. Munalinso kalata yonena kuti tauni ino inayamba ngati msika wa atsekwe. Zikhadabo za pa chizindikiro cha lerozi anachita kuwonjezera akuluakulu ena amene ankachita manyazi ndi makolo awo.

A Kümmerle ogulitsa nyama aja, amene anatcha abambo "Mfumu ya Atsekwe" zaka makumi atatu, anabwera kunyumba chipewa chili m'manja. Abambo anangoti, "Lowani, a Chiwombankhanga, koma musatikande." Ndinaseka mpaka misozi.

Meya akuti chizindikirocho achijambulanso chaka chamawa. Abambo anamuyankha kuti afulumireko pang'ono. Masiku ano masitepe sakwera, ndipo zimene ananena adokotala Lachiwiri si zolemba m'kalata.

Pa tsiku la Martin Woyera tiwotcha tsekwe monga mwa nthawi zonse. Abambo andiuza kuti ndikuyikireni mbale. Ndiyike?

Ndine mlongo wanu,
Irmtraud