Bambo Adula Telesikopu

Lolemba, 8 Seputembala

Dokotala wa maso sanazungulire. Akuti diso lamanzere la Bambo lapita, lamanja likutsatira, ndipo magalasi sangathandizenso. Eni ake amangofunsa kuti basi yobwerera tikakwerera pati.

M'basimo ndinawafunsa chimene akufuna. "Ndiuonenso mwezi bwinobwino, ndi maenje ake omwe." Basi.

Telesikopu yawo ija, imene anagula atapuma ntchito ya upulambala, kagalasi kake koonera n'kakang'ono ngati batani la malaya. Ndiye ndaganiza zolumikizako kamera yanga ya kuntchito kuti chithunzi chizituluka pa TV. Tsiku lonse ndimajambula nkhope za pa pasipoti, mwezi ungandikanike? Suphethira n'komwe.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Ndagula mphete yolumikizira kamera ku telesikopu, kachingwe kodinira kuti dzanja lisagwedeze, ndi waya wopita ku TV. Ndatolanso kapaipi kakuda kotalikitsira. Palibe anandiuza kuti ndigule, kamangooneka kofunika.

Dzuwa litangolowa ndinamanga zonse pakhonde, TV ndinaikokera pakhomo. Chimene chinatuluka ndi chinthu choyera mbuu, ngati sopo woiwalika m'madzi. Ndinapotokola kopotokolera kowongolera chithunzi mpaka pothera. Ndinaikapo kapaipi kaja, zinachita kunyanya. Amayi akuti, "Ndiye mwezi wa masiku ano umenewu?" Ndapsa mtima.

Lachitatu, 10 Seputembala

Wa pashopu pamene ndinagula zija wandiseka. Akuti kamera ikufuna kulowa m'kati, ine ndakagula choitulutsira kunja. Kapaipiko wakana kulandira poti ndinang'amba katoni yake.

Akuti njira zilipo ziwiri. Kuitanitsa kagalasi kena kunja, kodikira masabata anayi. Kapena kudula thupi la telesikopu kumunsi, zala ziwiri zokha, kuti galasi lalikulu lisendere kumtunda. "Koma chemwali, zodulazo musayerekeze." Ndaitanitsa kagalasiko, ngakhale mtima ukundifunsa ngati diso la Bambo lingadikire.

Zodulazo ndinazinena pa chakudya ngati nthabwala. Amayi anaseka. Bambo anangofunsa kuti zala zake za ndani.

Lachinayi, 11 Seputembala

Adula.

Sindikukhulupirirabe. Ndabwera kuntchito, ndapeza telesikopu itagona pa thebulo lodyera, sowo yodulira zitsulo ili pambali, tizitsulo tili mbwee pa nsalu ya Amayi. Galasi lalikulu aliika pa pilo wawo ngati khanda. Ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa, chikwama chili paphewa.

"Bambo, mwatani?"

"Ndi paipi iyi, mwana wanga. Ndadula mapaipi iwe usanabadwe."

Anali ataboola kale mabowo atsopano, ndipo anabwezera galasi ine ndikuona, akupapasa masikuluwu ndi zala. Chilungamo, adula mowongoka, ngakhale makina sangapose. Tinayesa madzulo. Mbuu yemwe uja. Koma ulendo uno ndapotokola mpaka kamera yatulukira pothera, ikufunabe kutuluka. Ndinawakalipira, ine, bambo anga ondibereka. Ndinati mwaononga chinthu chokhacho chimene munapempha. Anakalowa kuchipinda.

Lachisanu, 12 Seputembala

M'mawa ndikusesa ndapeza chidutswa chimene anadula, pansi pa thebulo. Si zala ziwiri, n'chachikulu ngati chikhatho changa. Ndipo mzere wa pensulo umene anajambula ulipo, pa zala ziwiri ndendende. Iwo anadula chapatali, potsatira m'mphepete mwa kapepala komata ka kufakitale. Mzere wawo womwe sanauone.

Ndinawaonetsa Amayi kukhitchini. Anatseka mpopi, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Iwe umayesa amaona chiyani m'chinthu chijachi? Chiyambire chaka chino saonamo kanthu. Amangoika diso n'kumakuuza za m'mutu."

Ndinakhala pa ndowa. Madzulo onse aja, akundiitana kuti bwera udzaone dzenje lokhala ndi kaphiri pakati, ine n'kumati eedi Bambo, maso anu ndi akuthwa kuposa anga. Iwo akungoona mdima. Amayi akuti Bambo anawaletsa kundiuza, ati ndingasiye kutuluka nawo pakhonde.

Kuntchito ndajambula munthu wina katatu, maso anga ali m'misozi. Anayesa ndi chimfine.

Tsopano ndili ndi mantha ena. Ngakhale chithunzi chitatuluka, adzati "ndaona," ndipo ine ndidzadziwa bwanji?

Loweruka, 13 Seputembala

Masana ndinalozetsa telesikopu ku mlongoti wa mafoni uli kutali uja, dzuwa lili kumsana. Ndinamasula kamera n'kuigwira m'manja, ndikuibweza m'mbuyo pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi mlongoti uwo, ngwee, mpaka mbalame itatera pamwamba. Mpata wotsala pakati pa kamera ndi telesikopu, ndinauyang'ana kawiri. Kapaipi kanga kopanda ntchito kaja!

Ndinasaka nyumba yonse. Ndinakapeza pa makina osokera, Amayi atasungiramo mapini. Nditakaika pa mpata paja, kakwana ngati anachita kuyeza.

Madzulo ano mwezi unali theka. Ndinadina kachingwe, ndipo unadzaza TV, maenje ali mbwee m'malire a kuwala ndi mdima. Amayi anangogwira pakamwa. Ndinakawatenga Bambo kuchipinda. Chiyambire Lachinayi sitinalankhulane zenizeni, ndiye ndinayamba kupepesa, iwo akuti ndisunthe ndikutchinga.

Anakokera mpando pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi la TV. Anapendeketsa mutu, akuyang'ana ndi pakona pa diso lamanja. Sindinawalozere chilichonse pa TV, dala. Ndimadikira kuti ayambe zija za dzenje ndi kaphiri, mtima uli m'mwamba.

Kenako chala chinayamba kuyenda pa TV, kukwera, kutsika, n'kuima.

"Iwe, kamera yakoyi waiika chadodolido. Maenje ambiriwa amakhala mbali inayo."

Ndinachotsa kamera n'kusuzumira mu telesikopu ndi kagalasi kawo kakale kuti nditsimikize. N'zoona, ndinali nditaizondotsa. Nditaitembenuza n'kuibwezera, Bambo anasendezanso mpando.

"Eya. Tsopano usagwedeze. Mayi ake, zimitsani getsi la pakhondelo."