Mwendo Umene Anaujambula

Lolemba, 2 Juni
Chilonda cha pamsongolo wakumanja. Zaka zapita tikudyera limodzi, ine ndi icho. Adotolo ati chikapanda kutseka chaka chino, ku Quelimane, macheka. Ndati dulani ndithu, sokosi zizikhalitsa. Palibe waseka. Akazi anga a Delfina atuluka panja.

Lachinayi, 5 Juni
Kwabwera pulojeto. Anamwino a Judite andimata kapepala konga pulasitiki ya shuga, koonekera mkati. Ati muli siliva, timibulu tochepa kuposa diso la nthata, topha tizilombo. "Agogo, osanyowetsa, osakanda, osamatula." Malamulo atatu basi, a Mose anachulutsa. Kusamba ndasiya mwachilolezo.

Lachinayi, 19 Juni
Fungo latha. Ntchentche zasamukira kwa a Germano ogulitsa usipa. A Delfina abwerera pamphasa yathu. Anthu akudzaonera chilonda pawindo la kapepalako ngati mpira wa pakanema. Chinali ngati chikhatho, lero ngati dzira. Kuseri kwa nkhokwe maso anga anachucha. Utsi, mwina.

Lachiwiri, 1 Julaye
Alendo a pulojeto, zipewa zofanana. Zolankhula mpaka dzuwa paliwombo. A Judite atumidwa kukasaka mipando. Shefi wawo, bwana wa kamera, mphuno atatseka kale: "Papá, onetsani mwendo." Apo Satana wandikodola. Ndapinda buluku kumanzere, mwendo wosadwalapo chibadwire. M'manja pwapwapwa! "Ngakhale chipsera palibe!" Wina wausisita. Ndimati ndiulule, iwo ali kale m'galimoto, nkhomaliro ikuwadikira ku Milange.
Ndaseka mpaka chifuwa.

Lachisanu, 4 Julaye
Tsiku losintha kapepala. A Judite moni sanandipatse. Alendo aja anati ndapola, timapepala totsala ananyamula, akapatse odwala enieni. A Judite aimba foni. Yankho: chithunzi chilipo, ndipo ndi chokongola.
"Agogo, mwasewera paulimbo."

Lachitatu, 9 Julaye
Kapepala kayamba kumatuka m'mbali. Pansi pake pakutentha, pakugunda ngati ng'oma. Ndikuopa. Izi ndalemba pano pokha.
A Delfina apopa njinga osandiyang'ana. Mawa ku ofesi ya pulojeto ku Milange, iwo kupalasa, ine pakaliyala ngati thumba la nandolo, kukaonetsa mwendo weniweni. Ati ndikangotsegula pakamwa, audula okha ndi chikwanje. Ndalumbira kukhala duu.
Koma a Germano abwera kumene kuchokera kumsika. Ati pakhomo pa ofesiyo apachika chikwangwani chachikulu ngati chitseko: mwendo wanga wakumanzere, wosalala, dzina langa pansi. Anthu akuuloza, amayi ena akuugwira kuti achire.
Ndiye mawa mlandu, ine ndi mwendo wanga womwe. Mwendowo uli ndi chidindo. Ine mboni yanga ndi mudzi wonse, umene ukudziwa kuti chibadwire sindinanenepo zoona.